Dzanja Lamanzere pa Mlatho

Munthu amene anandilera ankagulitsa makapu. Dzina lawo linali a Kaliwo. Sanali bambo anga, sanalinso malume anga, ndipo ndikawafunsa kuti ndi ndani wanga ankangoti ndinyamule dengu tizipita. Tinkayenda m'misika ya m'midzi, makapu akugundana m'dengumo ngati mano a munthu wozizidwa. Sitinkadzuka kawiri pamalo amodzi.

Tsiku lina titausa mvula pansi pa mtengo ndinawafunsa kuti kwathu n'kuti. Kenaka anapisa dzanja pansi pa dengu, natulutsa pepala limene linakulunga kapu ina, naliwongola pabondo. Papepalapo panali phiri la phewa limodzi lokwera, linalo lotsetsereka, panali mtsinje, panali mlatho wamitengo. Mvula inkagwa ngati ulusi woongoka. Pamlathopo panaima anthu awiri ang'onoang'ono ovala zipewa zazikulu zaudzu, wina akupatsira mnzake kamtolo. Mtengo wa kutsogolo unathera m'mphepete mwa pepala, nsonga yake osaoneka.

"Kwanu n'kumeneko," anatero a Kaliwo. "Sunga."

Ndinawakhulupirira ndi mtima umodzi. Mtima winawo unkandiuza kuti munthu wofuna kutseka mwana pakamwa amatola chilichonse chili pafupi. Koma pamene anamwalira m'tauni ina ya njanji, anthu achifundo atawaika n'kugawana makapu otsala, chimene chinatsala kwa ine ndi pepala lokhalo. Ndinalisokera kathumba ka nsalu, ndikuyamba kuyenda ndekha, maso ali kumapiri.

Mudzi woyamba umene ndinakhalitsamo unali wa anthu osema mitondo. Unali m'munsi mwa phiri, koma phirilo linali la mitu iwiri, silinali langa. Anandilandira bwino, anandipatsa madzi, ndipo madzi atangotsika kukhosi linabwera funso lija limabwera paliponse: kwanu n'kuti? Ndinamasula kathumba. Pepala linayenda m'manja mwa amuna onse pabwalo losemera, aliyense akulitembenuza, wina mpaka kulinunkhiza. Palibe amene anadziwa phirilo. Komabe anandilola kukhala, nandipatsa kasemasema.

Kumeneko ndinaphunzira kuti mtengo uli ndi kumene umafuna kupita, ndipo ukausema motsutsana nawo umang'aluka. Ndinaphunzira kusiyanitsa mbawa ndi muwanga pongonunkhiza, ndi kudikira chipika kuti chiume ndisanachikhudze. Ndikanakhala komweko. Koma chaka china kunabwera anthu a zingwe zoyezera malo, natenga dambo lonse la kumunsi kwa mudzi, ndipo atachoka anthu anakumbukira kuti mlendo woyamba kubwera ndi chithunzi cha phiri ndi mtsinje anali ine. Sanandithamangitse. Anangosiya kundiitana pa chakudya. Amayi akandiona ankatsitsa mawu. Kasemasema kanga m'mawa uliwonse ndinkakapeza pamalo ena. Ndinakasiya pachipika, ndikumapita.

Ndinaona mapiri ambiri. Ena ukawachokera kutali amafanana ndi langa, koma ukayandikira amasintha nkhope ngati munthu amene wazindikira kuti ukumutsatira. Ena anali ndi mtsinje opanda mlatho, ena mlatho opanda mtsinje. Mvula ndinkaiyang'anitsitsa kulikonse, koma sindinaione ikugwa yoongoka ngati ya papepala.

M'tauni ina ya fumbi ndinakhala ndi a Kamtedza, amene ankasema zidindo pakhonde la sitolo. Anali ndi katebulo, zidutswa za mphira ndi malezala othyola pakati. Nawonso atandipatsa tiyi anafunsa kwathu. Pepala sanaliyang'ane kutsogolo kokha ngati anthu ena. Analitembenuza, nayendetsa chikhadabo kumbuyo kwake, nagwedeza mutu.

"Ichi si cholembera chinajambula, mphwanga," anatero. "Ichi n'chodinda. Kwinakwake kuli thabwa limene linabereka pepala ili, ndipo thabwa lotere silibereka mwana mmodzi."

Mawuwa anandikhala pamtima nthawi yaitali. Ndinayamba kuganiza kuti m'misewu ina muli anthu ena onyamula tizithumba ngati kanga, aliyense akufunafuna phiri lomwelo, aliyense atauzidwa kuti n'kwawo. A Kamtedza anandiphunzitsa kugwira lezala, kupuma pang'onopang'ono posema kamzere kowonda, ndi kusema malemba motembenuza kuti akadindidwa aongoke. Ndinaona ngati lamulo limeneli ndi la malemba okha, poti malemba ali ndi koyambira ndi kothera.

Chimene chinatilekanitsa ndi kachidindo kofiira ka pangodya ya pepala langa. A Kamtedza analephera kukawerenga, ndipo munthu amene wasema zidindo moyo wake wonse sakondwa ndi chidindo chosawerengeka. Anayamba kunena kuti n'cha boma lina losadziwika, kuti mwina ndinatumidwa ndi anthu ogwira osema zidindo zabodza. Kasitomala akabwera ankandituma kokatunga madzi. Inenso ndinayamba kuwakayikira pamene anandipempha kawiri konse kuti pepalalo azindisungira m'kabati yawo. Tinasiyana popanda kukangana, aliyense akuyang'ana manja a mnzake.

Mudzi wa pamlatho ndinaufika nthawi ya mango. Mlathowo unali wa simenti, phiri lake linali lafulati ngati tebulo, choncho ndinadziwa kuti ndikungodutsa. Pambali pa msewu, pamene magalimoto ankaima kuti injini zizizire, mayi wina ankaotcha mbatata. Anandipatsa madzi. Ndinamwa, dzanja lili kale pakathumba kudikira funso. Koma iye anayang'ana zipsera za m'manja mwanga, nandifunsa ngati ndingathe kukonza chitseko.

Dzina lake linali Nakwenda. Mwamuna wake anamwalira kalekale, ndipo chitseko chinali chikukhula pansi kuyambira pamenepo. Ndinachikonza. Kenaka panapezeka mpando wogwedera, kenaka mpini wothyoka, kenaka nkhokwe yopendama. Mango anatha, mvula inayamba, ine ndikadali pamenepo. Anthu a m'mudzimo, poona kuti funso lawo lilibe yankho, anangolisandutsa dzina langa. Ankanditcha a Kwanunkuti.

Tsiku limene ndinamuuza Nakwenda za mumtima mwanga, anapitiriza kutembenuza mbatata, nati iye alibe mawu, mawu ali ndi atsibweni ake. Atsibweniwo anali a Lufeyo, okonza njinga pansi pa mtengo wa mkuyu, munthu wa nthabwala zosatha koma wa maso osaseka. Pepala langa analiyang'ana kudzera m'magalasi omanga ndi waya, nalibweza ndi manja awiri.

"Ife sitikana munthu, a Kwanunkuti," anatero. "Koma mawa mukadzakangana ndi mbumba yangayi, ndidzakadandaule kwa yani? Kwa pepala? Mukadzatisiya, uthenga wa maliro ndidzautumize kuphiri la inki? Bwerani ndi wokuyankhulirani, ngakhale wopanda mano."

Anandipatsa nthawi mpaka chimanga chiume m'minda. Anandiuzanso, akupopa thayala osandiyang'ana, kuti mwini chigayo wa kutsidya naye wayamba kukonda mbatata, ndipo ameneyo amalume ake atha kudzaza ngolo.

Pamwamba pa phiri lafulatilo panali nyumba yakale ya alendo, ndipo m'menemo munkakhala mzungu wina wachizimayi amene ankakhalira kujambula ndi utoto. Anthu ankamutcha Nautoto. Nakwenda ankamugulitsa mazira, ndipo ndi iyeyo amene anandiuza kuti ndipiteko, poti munthu amene amangoyang'ana mapiri tsiku lonse mwina adziwa langa. Ndinapita mwamphwayi.

Nautoto anali mayi wachikulire, wa zala zothimbirira. Chichewa chake chinali cha m'buku, cholongosoka koma chopanda mchere. Atangoona pepala langa anakasamba m'manja asanaligwire, ndipo zimenezi sizinandisangalatse. Munthu sasambira m'manja chinthu chimene sakuchifuna.

Anandiuza kuti phirilo si la dziko lino. Anati ndi la ku Japani, dziko la zilumba kutali kum'mawa. Anati kumeneko kale chithunzi chimodzi chinkadutsa m'manja mwa anthu angapo: wina kujambula, wina kusema pathabwa, wina kupaka utoto n'kutikita pepala pamwamba ndi kanthu kozungulira kokutira ndi khoko la nsungwi. Mtundu uliwonse unali ndi thabwa lakelake. Mapepalawo ankachuluka ngati masamba, mwakuti, malinga ndi mmene iye anamvera kwa akuluakulu a kwawo, ena anafika ku Ulaya atakulunga makapu ndi mbale. Atatchula makapu ndinakumbukira dengu la a Kaliwo.

Anatsegula buku lalikulu. Munali mvula ija, yoongoka. Munali zipewa zija, milatho, anthu ang'onoang'ono otembenuzira wowayang'ana msana. Kenaka anatsegula masamba ena, a zojambula za anthu a kwawo. Anati makolo awo ankajambula chilichonse chathunthu, chitakhala pakati, chili ndi mthunzi wake, koma ataona mapepala a ku Japaniwo maso awo anasintha. Anayamba kudula mtengo m'mphepete mwa chithunzi, kusiya mithunzi, kupaka mtundu umodzi malo aakulu, kuyang'ana msewu ngati ali pamwamba pa denga. Anandionetsa mlatho wa mumvula umene wina wa kwawoko anajambulanso ndi utoto wokandapala ngati phala.

Ndinamufunsa ngati eni ake anapemphedwa. Anaseka, nati kuphunzira si kuba. Ndinayang'ana pakhoma pake. Panali mkuyu wa a Lufeyo, wodulidwa pakati, nsonga yake osaoneka. Panali Nakwenda atatembenuka msana pambali pa mlatho, wamng'ono ngati nyerere. Sindikukhulupirira kuti naye anapemphedwa.

Ndinatsika phirilo ndili ndi mitima iwiri ngati kale. Zimene ndinaona m'buku ndinaziona. Koma buku ndi la mwini wake, ndipo munthu wofuna chinthu chako amayamba wakuuza kuti si chako. Ndinamuuza Nakwenda zonse. Iye anapitiriza kusenda mbatata, kenaka anati za ku Japani sazidziwa, koma chimene wamva n'chakuti pepala limatha kuberekana.

"Inu miyendo muli nayo iwiri yokha, ndipo yatopa," anatero. "Apa pamaima magalimoto opita kulikonse. Bwanji phirilo liziyenda lokha, inu mukhale pansi?"

Ndinabwereranso kwa Nautoto kukafunsa kasemedwe kake. Anandilongosolera mosabisa, ndipo kusabisako n'kumene kunandiopsa. Anati osema a ku Japani ankatenga chojambula choyamba, n'kuchimata pathabwa chafufumimba, nkhope yake pansi, kenaka n'kusema modutsa pepalalo mpaka lonse litatha kukhala zinyenyeswa. Anati choyambacho chimafa kuti enawo abadwe. Poona nkhope yanga anafulumira kunena kuti langali lisaphedwe. Anati ndimusiyire masiku ochepa, andijambulire lina loti ndimate.

Pamenepo ndinaona msampha wonse. Njira imodzi pepala langa likufa, njira inayo likugona m'nyumba mwake. Ndinathokoza, ndinamanga kathumba, ndikutsika.

Ndinatenga matabwa a mbawa otsala pa chitseko chija, ndikuwapala mpaka atasalala ngati tsaya. Pepala ndinalitsamiritsa pakhoma, ndipo ndinkaliyang'ana n'kujambula pathabwa ndendende mmene ndinkalionera: phewa lokwera uku, lotsetsereka uko, anthu awiri pamlatho. Chovuta chinali mvula. Kuti mvula ioneke umasema zonse zimene si mvula, n'kusiya timizere towonda titaima tokha, ndipo kamodzi kakathyoka sikabwereranso. Ndinasema chimanga chikumasula, ndinasema chikukhwima. Pangodya ya thabwa lililonse ndinaboola kamphako kofanana, kuti pepala lizikhala pamalo amodzimodzi.

Utoto wakuda tinaupeza ku mwaye wa pansi pa miphika, wosakaniza ndi phala la chinangwa. Wa mtsinje ndi thambo unali buluu wochapira zovala. Wa phiri unali katondo wosefa pansalu. Mapepala anali a matumba a shuga, onyowetsa pang'ono. Nakwenda anandipotera kankhata kakang'ono ka makoko a chimanga kotikitira, nati ngati a ku Japani ali ndi nsungwi, ifenso sitinagone.

Pepala loyamba ndinalisenda pathabwa. Phiri linalipo, mvula inalipo. Koma phewa lokwera linali litasamukira mbali inayo. Ndinaima nalo ngati munthu amene wakumana ndi nkhope yake pamadzi. Nakwenda anasuzumira, nati si kanthu, phiri lililonse limaoneka mwina ukalichokera kwina, ndipo amene akulidziwa alidziwa ndithu. Nthawi inali ikutha, masamba a chimanga atayamba kufiira. Tinadinda ambiri, tinawayanika pachingwe ngati matewera, ndipo Nakwenda ankapatsa dalaivala aliyense wogula mbatata, wogulitsa nsomba aliyense, mlaliki aliyense wodutsa, kuti akamate kumene akupita, ndipo wodziwa phirilo abwere pamlatho.

Mapepala atapita kale m'misewu yonse, limodzi linafika m'manja mwa a Lufeyo. Anandiitanitsa. Pansi pa mkuyu panali anthu ambiri kuposa njinga. Anati munthu wokonza njinga amadziwa kuti chopondera cha kumanzere sichilowa kumanja, choncho iwo maso awo sanamizika pa zoterezi. Anaika chala chakuda ndi girizi pamlatho wa papepala.

"Tandiuzani, a Kwanunkuti. Kwanuko munthu amapatsira mnzake katundu ndi dzanja lamanzere?"

Ndinayang'ana. Kamunthu kaja, kamene zaka zonse kankapereka kamtolo ndi dzanja lamanja, tsopano kanatambasula lamanzere. Anthu anayamba aseka, kenaka kuseka kunazilala. Mayi wina anati mtundu wopatsana zinthu chomwecho ndi wopanda mwambo. Wina anati si mwambo wokha, chinthu choperekedwa ndi lamanzere chimakhala ndi mawu ake, ndipo ndani akudziwa zimene zili m'kamtoloko. A Lufeyo anati chimene chikuwavuta iwo n'china: mwezi uja ndinawaonetsa kwathu koyang'ana uku, lero ndikugawira dziko lonse kwathu koyang'ana uko. Anafunsa ngati ndili ndi kwathu kuwiri, kapena ngati kwathuko kumatembenuka anthu akagona.

Ndinayesa kufotokoza za thabwa, kuti limatembenuza chilichonse monga chimachitira chidindo. Koma pofotokoza ndinkamva ndekha kuti mawu anga akumveka ngati a munthu wogwidwa. Kuyambira tsiku limenelo zitseko za m'mudzimo zinasiya kuwonongeka. Mwini chigayo anayamba kuimika njinga yake yamoto pamlatho madzulo alionse. Nakwenda ankamugulitsa mbatata ngati wina aliyense, koma ndinkaona kuti akuyang'ana kuminda, kumene chimanga chinali chitayamba kuweramitsa mitu.

Anthu ena anabweradi chifukwa cha mapepala aja. Wina anati phirilo akulidziwa, koma andiuza ndikamugulira mankhwala ake a mwayi. Wina anangofuna kuona munthu wa mtundu wamanzere. Ndinayamba kuyang'ananso msewu monga ndinkauyang'anira kale, ndi maso a munthu wopita.

Nkhalamba ina inatsika pa lole ya makala dzuwa lili paliwombo, anthu atayamba kale kusanja mikukwe m'minda. Inali yaifupi, ya jekete lalikulu kuposa thupi, ndodo ili m'manja. Inakhala pamwala pafupi ndi mbaula ya Nakwenda, inamwa madzi, ndipo sinafunse kwawo kwa munthu aliyense. Inatulutsa m'thumba pepala langa la shuga, lopindidwa mpaka mvula itafufutika, n'kufunsa kuti mwini chithunzichi ali kuti. Inati dzina lake ndi a Chikadza.

Anati pepalalo analipeza litamatidwa pachitseko cha sitolo kutali kumpoto. Anati phirilo ndi la kwawo, phewa lokwera lili mbali yomweyo ukamachokera kumsika. Koma chimene chinawakweza lole si phiri, poti mapiri amafanana. Ndi dzanjalo. Anati m'dera lawo lonse munali munthu mmodzi yekha wopereka zinthu ndi lamanzere mopanda manyazi, mlamu wawo, mwamuna wa mlongo wawo, amene anabadwa wamanzere ndipo ndodo zonse za aphunzitsi zinalephera kumuwongola. Mlongo wawoyo atamwalira, mlamuyo anaima pamlatho, napereka mwana wakhanda kwa munthu wamalonda wodutsa, iye n'kulowera kumene sanabwerereko.

"Kamtoloko si katundu," anatero a Chikadza. "Ndiwe."

Nakwenda anasiya kupemerera moto. Ine ndinayang'ana nsapato za nkhalambayo, manja ake, jekete lobwereka lija, kufunafuna pamene pabisala chinyengo. Ndinafunsa za mlathowo, anati unakokoloka chaka cha madzi ambiri. Ndinafunsa za zipewa zaudzu, anati kale ankaluka zotero, ana a masiku ano sadziwa. Ndinafunsa ngati wamalondayo ankagulitsa makapu. Anandiyang'ana kaye pankhope, kenaka anati inde, makapu, akumbukira tsopano. Yankho lililonse linkabwera bwinobwino, ngati chitseko chopalidwa kuti chilowe pafelemu ya eni.

Ndikanatha kukhala chete. Chimanga chinali chitauma, ndipo wondiyankhulira wopanda mano uja ankafuna a Lufeyo anali atakhala pamaso panga. Koma ndinawatengera kuseri kwa nyumba, ndikumasula kathumba. Ndinawaonetsa pepala lenileni. Ndinawauza kuti apa dzanja ndi lamanja, phewa lili mbali inayo, ndipo lamanzere lija linabadwa pathabwa langa mwezi wathawu chifukwa sindinamate chithunzi chafufumimba. Ndinawauzanso zimene ananena Nautoto, za zilumba za kum'mawa.

A Chikadza analandira pepalalo ndi manja awiri. Kenaka analitembenuza, nalikweza kudzuwa. Pepalalo linali litapyapyala ndi zaka, ndipo utoto unali utalowerera mpaka kumbuyo. Kuwala kutadutsa, phiri linaonekera lonse, lotuwa ngati la m'nkhungu, phewa lokwera lili mbali ya kwawo, kamunthu kaja katatambasula lamanzere.

"Zaka zonsezi umaliyang'ana kolakwika," anatero.

Ndinawafunsa chimene akufuna kwa ine. Ndinawafunsa mosazungulira, poti ndinali nditatopa. Anapinda pepalalo motsata mizere yake yakale, nandibwezera. Anati ali ndi munda umene ukubwerera kutchire, nyumba imene ikudontha mbali imodzi, ndipo abale awo onse anawaika okha ndi manja awo. Anati alibe woti adzawatseke maso. Ine ndilibe wondiyankhulira. Anati ngati ndikuona kuti pali wina amene akuberedwa pamenepa, ndimutchule.

Ndinaganiza, koma sindinamupeze. Nditacheuka ndinaona Nakwenda ataima pangodya ya nyumba, mbale ya mbatata ili m'manja, ndipo sindikudziwa kuti anaima pamenepo kuyambira liti. Anagwada, naika mbaleyo patsogolo pa a Chikadza, nati apongozi adye kaye, atsibweni ake sathawa, ali ndi njinga zitatu zopanda mateyala. Ine sanandiyang'ane n'komwe.

Atadya tinanyamuka kupita kumkuyu, iwo patsogolo ndi ndodo yawo, ine pambuyo. Njira inadutsa m'minda, anthu akutiyang'ana kuseri kwa mikukwe. Ankayenda pang'onopang'ono, akundifunsa kuti a Lufeyowo ndi munthu wotani, amakonda kufunsa chiyani, amakwiya msanga kapena ayi. Titayandikira, mpaka kumamva kulira kwa sipanala, anaima, nandikodola ndi chala kuti ndiweramire kukamwa kwawo.

"Tisanafike, tandiuza dzina lako. Angandifunse."

Ndinawauza limene a Kaliwo ankandiitanira. Analilawa pakamwa, napukusa mutu, nati limenelo ndi la pamsewu, silingaime pamaso pa anthu. Anandiuza lina, la mwana wa mlongo wawo, ndi la mfunda wake. Anati tiyese kaye, kuti pabwalo paja ndisakachedwe kuyankha. Anapita patsogolo pang'ono, natembenukira kuphiri lafulati ngati sakundiona, naitana.

Dzinalo linadutsa pamwamba pa chimanga, osapeza mwini.

Anaitananso, mokweza pang'ono.

"Wawa, malume," ndinatero.

"Wachedwa," anatero. "Koma mwana uja analinso wogontha choncho. Tiye."